Mtedza Wonyowa: Kodi Chilungamo Chimawoloka Nyanja?

Amalume anga, amene tsopano anatisiya, anali mlimi wa mtedza wodziwika m'dera lathu m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a dziko la Zambia. Sanali munthu wakuba ayi. Mbuzi ya mnzawo ikasochera n'kugona m'khola mwawo, ankaibweza okha m'mamawa, ndipo ngongole ya mchere ankaikumbukira ngakhale mwini wake ataiwala. Koma usiku wina m'mwezi wa Julayi, m'chaka cha 2009, ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagwira ndowa ya madzi ndi kanthambi ka masamba, akuwaza mtedza wosenda kale umene unali kudikira kupita pa sikelo m'mawa mwake.

"Amalume, mtedza wouma kale uwu mukuuthiriranji madzi?" ndinawafunsa.

"Mphwanga, usachite ngati wabadwa lero," anandiyankha osatembenuka n'komwe. "Sikelo imandibera chaka ndi chaka, ine ndikungobweza zanga. Ndiponso mtedzawu akadye ndi azungu kutsidya kwa nyanja uko. Amandidziwa ine? Ine ndimawadziwa?"

Sindinayankhe kanthu. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wa bwana wina wogula mbewu amene ankasonkhanitsa mtedza m'midzi kuti akaugulitse kunja kwa dziko. M'mawa mwake matumba a amalume anafika pa sikelo yanga, ndinawayeza, n'kulemba makilogalamu m'buku monga mwa nthawi zonse. Papita zaka zambiri, koma funso lawo lija silinandichoke m'mutu. Kodi munthu amene sindimudziwa, amene sindidzamuona mpaka kufa, ndipo iye sadzamva ngakhale dzina langa, ndili naye ngongole ya chilungamo? Funsoli ndi la amalume, koma likukhudza aliyense amene amatumiza katundu kunja, kaya ndi fodya wopita ku Belgium, tiyi wa ku Thyolo wopita ku Britain, kapena nandolo wopita ku India.

Tiyambe ndi msika wa kumudzi. Mayi wogulitsa ufa pa msika wa tsiku amadziwa kuti wogulayo adzakumana naye kuchitsime, kumaliro ndi kutchalitchi. Akamuthirira gaga m'ufa woyera, nkhaniyo ifika kwa apongozi ake dzuwa lisanalowe. Pamenepo chilungamo chili ndi mlonda wake, ndipo mlondayo ndi manyazi. Malonda a kunja alibe mlonda ameneyu. Thumba likachoka pakhomo pa mlimi limadutsa m'manja mwa venda, limakasakanizidwa ndi matumba ena m'nyumba yosungiramo katundu ku Lilongwe, limakwera galimoto kapena sitima ya pamtunda mpaka ku doko la Nacala, Beira kapena Durban, kenaka limayenda masabata angapo panyanja. Likamafika ku Rotterdam, nkhope ya mlimi imakhala itafufutika kalekale. Chimene chimatsala pa thumbalo ndi dzina la dziko basi.

Ife timakonda kunyadira umunthu. Timati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake. Koma anzakewo ndani? Ngati ndi okhawo amene angandichititse manyazi, ndiye kuti chimene ndakhala ndikuchitcha umunthu ndi mantha chabe ovala malaya abwino. Khalidwe la munthu limaoneka bwino pamene palibe womuona, ndipo palibe malo ena obisika kuposa m'kati mwa thumba losokedwa lopita kutsidya kwa nyanja. N'chifukwa chake ndimaona kuti malonda a kunja ndi mayeso ovuta a umunthu wathu kuposa maliro ndi maukwati, kumene aliyense amakhala wabwino chifukwa maso a mudzi wonse ali pa iye.

Tsopano tione chimene madzi aja amachita, chifukwa amalume ankaganiza kuti akungowonjezera kulemera. Mtedza wosenda umasungika bwino ngati chinyezi chake chatsika kufika pa magawo 7 kapena 8 pa 100 aliwonse. Ukanyowa n'kutsekeredwa m'thumba pamalo otentha, umamera nkhungu imene akatswiri amaitcha Aspergillus flavus, ndipo nkhunguyo imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Alimi ndi alangizi timangoti chuku. Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya m'chiwindi, komanso ofufuza apeza kuti ana amene amamudya kawirikawiri amakonda kupinimbira. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha msanga. M'chaka cha 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku.

Kuwaza madzi si njira yokhayo imene chuku chimalowera. Chilala chogwa mtedza ukukhwima, chiswe choboola makoko m'nthaka, kuyanika mtedza padothi, ndi kuusunga m'nyumba yodontha, zonsezi zimachititsa. Amayi ambiri amanyowetsanso makoko kuti afewe posenda ndi manja, popanda maganizo aliwonse akuba, chifukwa kusenda matumba khumi a mtedza wouma kumasupula zala. Koma kuwaza madzi mtedza wosenda kale n'cholinga choti ulemere ndi chisankho cha munthu, ndipo ndi chisankhochi chimene ndikufuna tichiyeze.

Mayiko a ku Ulaya anaona kuti sangadalire chikumbumtima cha mlimi amene sakumudziwa, choncho anaika makina m'malo mwa manyazi. Kuyambira m'chaka cha 1999, lamulo la bungwe la European Union limati mtedza wopita mwachindunji pakamwa pa munthu usakhale ndi aflatoxin woposa magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Kuti timvetse kuchepa kwake, masekondi 1 biliyoni ndi zaka pafupifupi 32, ndiye muyeso umenewu uli ngati masekondi 4 okha pa zaka zonsezo. Njere zochepa zowola zimatha kugwetsa katundu wa galimoto yathunthu. Akuluakulu amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970, pamene ADMARC inali yokha yogula mbewu za alimi ang'onoang'ono, mtedza wathu wa Chalimbana, wa njere zazikuluzikulu uja, unkafunidwa kwambiri ku Ulaya. Msika umenewo unatisempha pa zifukwa zingapo, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zatilepheretsa kuubwerera mokwanira.

Koma ndisawaweruze amalume ngati kuti mawu awo analibe mutu. Anali ndi mfundo, ndipo mfundoyo ndi yolemera. Kuyambira pamene boma linamasula malonda a mbewu m'chaka cha 1987, mlimi amakumana ndi ogula ambiri amene masikelo awo ena ndi okhota. Mtengo sauika iye. Amamva chabe kuti chaka chino msika wa kunja wagwa, ngakhale kuti feteleza, sopo ndi fizi ya mwana sizinagwe. Taganizani za alimi a nandolo a ku Mwanza, Zomba, Chiradzulu ndi Phalombe. Mitengo itakwera m'zaka za 2015 ndi 2016, analimbikitsidwa kulima nandolo wambiri chifukwa ku India ankamufuna. Mwadzidzidzi, m'mwezi wa Ogasiti 2017, boma la India linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikolo asapitirire matani 200,000 pa chaka, pofuna kuteteza alimi ake amene anali atakolola zochuluka. Kuno mtengo unagwa mochititsa chisoni, nandolo n'kumafumbwa m'nyumba. Nduna imene inasaina lamulolo ku New Delhi sinkamudziwa mlimi wa ku Phalombe, monga momwe amalume sankamudziwira mwana wa ku Ulaya. Mgwirizano woti India azigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu unadzabwera m'chaka cha 2021, anthu ambiri atalira kale.

Tsono amalume akanatha kufunsa kuti: ngati a kunjawo amasamala za anthu awo okha, ine ndivutikirenji kusamala za iwo? Ngati malonda onse ndi mpikisano wa ochenjera, wosauka yekha ndiye akhale woyera mtima? Funso limeneli ndalisinkhasinkha nthawi yaitali, ndipo sindikufuna kuliyankha ndi ulaliki wa munthu wokhuta.

Yankho langa loyamba ndi lakuti madzi aja sankalanga munthu amene anawalakwira. Venda wa sikelo yokhota uja ankagulitsa mtedzawo mawa lake lomwe, kulemera kwa madzi kuli momwemo, n'kupeza phindu lake. Nduna ya kunja sinkadziwa n'komwe kuti kuli mudzi wathu. Amene ankalandira chilangocho ndi munthu wakumapeto kwenikweni, amene waika njere ija pakamwa, ndipo iye sanabe kanthu kwa wina aliyense. Kubwezera kumene kumaphonya wolakwa n'kukagwera wosalakwa sikungatchedwe kubweza zako. Kuli ngati munthu amene wamenyedwa ndi mfumu n'kupita kukamenya mwana wa mlendo wodutsa.

Yankho lachiwiri ndi la dzina lija lotsala pa thumba. Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Wogula wa kunja akapeza chuku sanena kuti mlimi wakutiwakuti wa ku Mchinji ndi wachinyengo. Amanena kuti mtedza wa ku Malawi ndi wosadalirika, ndipo chaka chotsatira amakagula ku Argentina kapena ku United States. Mayi wa ku Kasungu amene anayanika mtedza wake mosamala, n'kuusankha njere imodziimodzi, amalipira nawo mlandu umene sanapalamule. Dzina la dziko lili ngati chitsime cha mudzi: aliyense amatungapo, ndipo mmodzi yekha akhoza kuchidetsa. Alimi a fodya anaziona zimenezi mu Novembala 2019, pamene dziko la United States linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito m'minda. Lamulolo linakhudza fodya wa dziko lonse, mpaka makampani anayamba kumasulidwa imodziimodzi atapereka umboni wa momwe amagulira fodya wawo.

Yankho lachitatu ndi limene limandipweteka kwambiri, chifukwa ndinaliona ndi maso anga. Mtedza umene tinasonkhanitsa chaka chimenecho sunawoloke nyanja. Asanautumize, anatapa pang'ono m'matumba osiyanasiyana n'kukauyeza, ndipo unapezeka ndi chuku choposa muyeso. Wogula wa ku Ulaya anaukana. Sindinganene kuti ndi matumba a amalume amene anaugwetsa, chifukwa owaza madzi anali ambiri, ndipo nyumba imene tinkasungiramo inali yachinyezi. Koma ndinafunsa bwana wanga kuti mtedza wonsewo tiutani.

"Iwe, ukufuna ndiutaye?" anandifunsa modabwa. "Ndalama zanga zili mmenemu. Kuno kulibe woyeza."

M'masabata awiri matumba onse anatha. Anagulidwa ndi mavenda a m'misika ya m'tauni. Wina unakazingidwa n'kugulitsidwa m'timapepala pa malo okwerera mabasi, wina unasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera masamba ndi zothira m'phala la ana, wina unapangidwa chiponde. Mzungu uja amene amalume ankati sakumudziwa sanalawe ngakhale njere imodzi. Anaudya ndi ana a ku Lilongwe, ena mwa iwo mwina adzukulu a m'mudzi mwathu momwe. Chinyengo chimene chinakonzedwera mlendo wakutali chinatembenuka pa chipata n'kubwerera kunyumba.

Apa ndi pamene funso langa linasinthira. Ndinayamba ndi kufunsa ngati tili ndi ngongole ya chilungamo kwa mlendo, koma ndinapeza funso lina lochititsa manyazi kuposa loyambalo: n'chifukwa chiyani mlendo amatetezedwa kuposa mwana wathu? Ngakhale m'makomo mmene mulibe chinyengo chilichonse, mwambo wake ndi womwewo. Ndimakumbukira agogo anga aakazi atakhala pamkeka ndi lichero pamiyendo, akusankha mtedza. Njere zazikulu zosalala zinkapita m'thumba la malonda. Zonyala, zosweka, zoboola ndi zakuda zinkapita m'kambale kapadera. "Izi ndi zathu, mdzukulu wanga, tisinja nsinjiro," ankatero. Sankadziwa kuti njere zoterozo ndi zimene zimakhala ndi chuku chambiri. Ankangotsata nzeru ya umphawi, yakuti chabwino chikasake ndalama, chotsala chidyedwe pakhomo. Motero pamene tikusankha bwino kwambiri mtedza wopita kunja, m'pamenenso timaunjika poizoni m'mbale ya ana athu, pokhapokha titavomera kutaya zosankhidwazo.

Dziko lonse limachita ngati agogo aja. Tiyi wabwino, khofi wabwino, mtedza wa makademiya wabwino, timati ndi wa kunja, ndipo mawu akuti "katundu wa kunja" asanduka chiyamikiro. Sindikunena kuti kugulitsa kunja n'kolakwika. Dziko lopanda doko ngati lathu, limene limagula mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala ndi ndalama zakunja, silingakhale osagulitsa. Chimene ndikunena n'chakuti ngati timasamala pokhapokha pamene pali makina otiyeza, ndiye kuti sitinaphunzire chilungamo. Tangophunzira kuopa kugwidwa. Wamalonda amene amatumiza katundu woyera ku Rotterdam n'kugulitsa wokanidwayo kwa amayi a kwawo sali wabwino kuposa amalume anga. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amadziwa bwino amene angamugwire ndi amene sangamugwire.

Komabe chilungamo chili ndi mbali ziwiri, ndipo a kutsidya kwa nyanja nawo ali ndi ngongole yawo. Kusankha mtedza ndi ntchito ya masiku ambiri, ndipo kawirikawiri amaigwira ndi amayi. Kutaya njere zowonongeka ndi kutaya ndalama. Ngati wogula apereka mtengo umodzi kwa wosankha ndi wosasankha, kwa wouma ndi wonyowa, ndiye kuti iye mwini akuphunzitsa alimi kuti kusamala ndi uchitsiru. Kuika muyeso wokhwima popanda kulipira mtengo wa kusamalako n'kusenzetsa wosauka katundu wa thanzi la wolemera. Kuti zinthu zingathe kuyenda mwa njira ina tinaziona m'boma lathu lomwe la Mchinji m'zaka za m'ma 2000, pamene alimi a m'bungwe la NASFAM anayamba kugulitsa mtedza ku Britain kudzera m'ndondomeko ya Fairtrade. Mtedza unkayezedwa m'magulumagulu kotero kuti wa chuku unkadziwika kumene wachokera, ndipo alimi ankalandira ndalama yapamwamba yothandizira chitukuko cha m'dera lawo. Sikuti mavuto onse anatha, koma phunziro lake ndi lomveka: pamene wogula ndi wolima adziwana, ngakhale kudzera m'kalata ndi nambala ya pa thumba, nkhope ija imene inafufutika panyanja imayamba kubwerera, ndipo onse awiri amayamba kuchitirana manyazi.

Nanga ine? N'kosavuta kulemba za amalume amene sangathenso kudziyankhira, ndi za bwana amene sindinamutchule dzina. Koma amene anaona ndowa ija ndine. Amene analemba makilogalamu m'buku ndine. Amene anawerenga matumba okanidwa aja akukwezedwa m'magalimoto a mavenda ndinenso. Ndinadziuza kuti ndine kalaliki chabe, kuti amalume ndi akulu sangadzudzulidwe ndi mphwawo, kuti ntchito ndi yosowa. Zifukwa zonsezi zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandigoneka tulo. Malonda a kutali amayenda m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse limatha kunena kuti mbali yanga inali yaing'ono. Mlimi anangowaza, venda anangosakaniza, kalaliki anangolemba, bwana anangogulitsa. Pamapeto pake mwana wadya poizoni koma palibe amene wamupatsa. Ndikuganiza kuti uku ndiye kuopsa kwenikweni kwa mtunda. Suchititsa munthu kukhala woipa, koma umagawa choipacho m'tizidutswa ting'onoting'ono kotero kuti aliyense amanyamula kake osamva kulemera.

Amalume ndinadzayankhula nawo patapita zaka ziwiri, tikuthothola mtedza pansi pa mtengo wa mango. Ndinawafotokozera kumene mtedza uja unathera. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ukanandiuza usiku womwe uja, mphwanga." Sindikudziwa ngati akanandimvera. Koma mawu amenewo anandichotsera pobisala, chifukwa ulemu umene ndinkati ndikuwapatsa pokhala chete unali kuwamana mwayi wosankha bwino. Kuyambira chaka chimenecho ankagulitsa mtedza wawo uli m'makoko, atauumitsa mpaka kumalira ukaugwedeza. Za sikelo sanasiye kudandaula mpaka imfa yawo, ndipo ankanena zoona.

Pomaliza, ndibwerere ku funso lawo lija: amandidziwa ine? Ayi, sakudziwani, ndipo mwina sadzakudziwani. Koma waika m'kamwa mwa mwana wake chinthu chochokera m'manja mwanu, ndipo palibe kukhulupirira munthu koposa pamenepo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanaike malire a dziko pa mwambi umenewu. Ine ndauona ukukwaniritsidwa mwa njira imene sindinkayembekezera, pamene mwana wa mnzathu wa kutali ndi mwana wathu wa pakhomo anapezeka kuti akudikira thumba limodzi lomwelo. Kunyumba kwanga lero tikamasankha mtedza timakhala ndi milu iwiri yokha, wabwino ndi wotaya. Wabwinowo ndi umene timagulitsa, ndipo ndi womwewo umene timasinja nsinjiro za phala la ana. Mulu wotayawo umandipweteka chaka chilichonse, chifukwa ndi ndalama ndithu. Koma ndimaukwirira.